Mwanayo sanalakwe, asamuseke

Achemwali, ndawerenga za mwana wanuyo ndipo mtima wandiwawa ngati ndi wanga. Kalasi yonse kumuseka chifukwa watchula k pa "knife"? Nanga k ameneyo anamulembapo ndi iyeyo? Mwana waphunzira bwino Chichewa, ba be bi bo bu, chilembo chilichonse ukachiona uchitchule. Wafika ku Chingerezi wapeza zilembo zongokhala phee, ndipo palibe anamuchenjeza.

Ine zinandionekera ndili wamkulu kale, satifiketi ya MSCE ili m'manja, Chingerezi nditakhoza bwino ndithu. Kunatuluka ntchito yolandira alendo pa loji ina kufupi ndi boma la Dedza. Ndinakwera minibasi pa Lizulu m'bandakucha, kuzizira kwa mu Juni kuja mukukudziwa, zala zochita kuuma. Ndalama yoyendera ndinabwereka kwa azakhali anga ogulitsa mbatatesi pamsika, nsapato zinali za mnzanga, zothina. Ndalowa m'chipindamo, mayi wina wa magalasi wandipatsa pepala, ati werengani mokweza ngati mukuyankha mlendo pa foni. Munali mawu awa: "receipt", "Wednesday", "half an hour", "plumber". Ndinawerenga molimba mtima mmene aphunzitsi athu ankawerengera, risipiti, wedinesidei, halufu, chilembo chilichonse ndikuchipatsa ulemu wake. Mayi uja anavula magalasi n'kuwaika patebulo pang'onopang'ono. "Tabwerezani." Ndinabwereza. "Tabwerezaninso." Kenako anatembenukira kwa bambo amene anakhala naye pafupi n'kunena m'Chichewa, dala kuti ndimve, "Awa ndiye alendo adzatithawa." Bamboyo anabisa nkhope m'fayilo, mapewa okha akugwedezeka. Kukhosi kwanga kunauma gwa. Mafunso otsatira anali a chenji, masamu amene ndinkapanga tsiku ndi tsiku pa benchi ya azakhali, koma mutu unali utaima, ndinangoyang'ana pepala lija likunjenjemera m'manja. Misozi ndinaigwira mpaka m'minibasi, kondakitala akuitanira anthu ine nkhope ili m'chitenje.

Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti mayi uja sanandiuze pamene panalakwika. Akanangoti p wa mu "receipt" satchulidwa, kodi akanatha malovu? Iyeyo anabadwa akudziwa? Anthu ena akadziwa kanthu kakang'ono amakasandutsa chikwapu. Ndipo mphunzitsi wathu wa Sitandade 6 nayenso, ankatimenya tikalumpha chilembo powerenga, ati ndi ulesi. Tinakula choncho, ndipo poti mayeso a Fomu 4 ndi olemba okhaokha, palibe anatimvapo tikuyankhula mpaka tsiku lofunsira ntchito.

Chodabwitsa n'chakuti mawu amenewa timawatchula bwino kale kwathu kuno. Agogo athu anawamva ndi khutu, sanawaone papepala, n'chifukwa chake timati lisiti, hafu, choko. Mulibe p mu lisiti, mulibe l mu hafu kapena mu choko. Ine ndinkati lisiti tsiku lililonse, koma nditaliona litalembedwa sindinazindikire kuti ndi liwu lomwe lija. Khutu liyambe, maso abwere pambuyo.

Mumuuzenso mwanayo kuti kutchula kwakeko n'kumene Angerezi eniake ankatchula kalekale. K wa "knife" ndi "knee" ankamveka, w wa "write" ankamveka, anadzasiya cha m'ma 1600. Koma apo n'kuti kalembedwe katayamba kukhazikika chifukwa cha makina osindikizira mabuku amene William Caxton anabweretsa ku England mu 1476, ndiye pakamwa panasintha, pepala linatsala pomwepo. Zina anachita kuikamo dala. B wa mu "debt" ndi "doubt" anamulowetsa anthu ophunzira pofuna kuonetsa kuti mawuwo anachokera ku Chilatini, sanatchulidwepo n'kale lomwe. S wa mu "island" ndiye anangolowa molakwika. Ndiye mwana wa ku Ntcheu anyozedwe chifukwa cha chisokonezo cha eniake?

Si zosatheka kuphunzira, zambiri zimayenda m'magulu. Liwu likayamba ndi kn, k agone. Likayamba ndi wr, w agone. Likathera mb ngati "comb", "climb", "thumb", b samveka, koma samalani, pa "number" ndi "remember" amamveka. "Talk", "walk", "half", l palibe. "Listen", "castle", "whistle", t palibe. H ndiye wovuta, pa "hour" ndi "honest" samveka koma pa "house" ndi "hotel" alipo, amenewo n'kungowaloweza. Za l ndi r, "pray" ndi "play", imeneyo ndi nkhondo ina, musamusenzetse zonse pakamodzi.

Ngati muli ndi foni ya intaneti, lembani liwulo pa Google, pamabwera kachizindikiro ka sipika, mukadina limatchulidwa. Amve kaye, abwereze, kenako aone mmene lalembedwera. Mawu ochepa madzulo alionse mukudikira nsima, basi. Nkhani za Chingerezi pa wailesi azimveranso, ngakhale asamve zonse.

Koma musamuchotseretu chizolowezi chakecho ayi. Polemba, azitchulabe chamumtima wed-nes-day, k-nife, chilembo chilichonse, chifukwa mayeso amafuna sipelo ndipo ine n'chimene chinandikhozetsa. Anzanga ena oyankhula bwino ankaiwala b pa "doubt" n'kutaya malikisi. Komanso musamupanikize kwambiri, katchulidwe si nzeru. A ku Nigeria ndi a ku India amayankhula Chingerezi chawochawo ndipo akuyendetsa makampani. Aziyankhula mopanda mantha, akamuseka awasiye. Kungoti asadzafike pa intavyu ali ngati mmene ndinalili ine.

Kusukuluko pitani ndithu mawa, koma osakakalipa. Muwatengere aphunzitsiwo pambali, osati pamaso pa ana, muwapemphe kuti mwana akaphonya liwu azimuuza katchulidwe kake pomwepo, ndipo oseka aja aziwaletsa nthawi yomweyo.