Mafunso anu: kusunga galu wopulumutsidwa mpaka atapezeka womutenga

*Ndamva kuti mabungwe osamalira zinyama amafuna anthu osunga agalu kwa kanthawi. Ndili ndi mpanda komanso galu wanga mmodzi. Ndiyambire pati?*
Bambo a ku Area 25, Lilongwe

Bambo, yambirani ku bungwe, osati pamsewu. Ku Lilongwe kuli LSPCA, yomwe inayamba ntchito mu 2008, ndipo ku Blantyre kuli BSPCA. Kafunseni ngati akufuna osunga agalu panopa. Galuyo amakhalabe wa bungwe, inu mwangomubwereka malo, ndiye asanalowe pageti mugwirizane zinthu izi ndi kuzilemba: chakudya agula ndani, mankhwala alipira ndani, akhala kwanu mpaka liti, ndipo akadwala usiku muimbira ndani. Ngati nyumba ndi ya lendi, eni ake adziwe kaye.

Kenako onani khadi la katemera la galu wanu. Ngati katemera wa chiwewe ndi wa parvo (matenda opatsirana a agalu osanzitsa ndi otsegula m'mimba) anatha nthawi, kamubayitseni kaye ndipo mudikire masabata awiri.

Mlendoyo akafika akhale payekha masiku 14, ndi mbale zake, chogonera chake ndi malo ake ochitira chimbudzi. Apa mpamene ambiri amagwa mphwayi poona kuti galuyo akuoneka bwinobwino. Komatu parvo amatha kubisala m'thupi masiku angapo, mpaka masabata awiri, zizindikiro zisanaoneke. Malowo akhale a simenti pansi kuti muzitha kutsuka, pakhale mthunzi ndi madzi nthawi zonse. Tcheni ayi: galu wamantha womangidwa alibe kothawira, ndiye amaluma. Tsekaninso mpata wa pansi pa geti, chifukwa agalu ambiri amathawa m'masiku oyambirirawa. Masiku atatu oyamba musamusambitse kapena kumuitanira ana a pamalopo kuti adzamuone. Muikireni chakudya, khalani chapatali, abwere yekha.

Masiku 14 akatha, agalu awiriwa akumane panja pa mpanda, aliyense ali pachingwe ndi munthu wake, ayende limodzi pang'ono musanawalowetse. Chakudya azidya motalikirana ngakhale atazolowerana.

*Galu amene andipatsa ndi woonda mpaka nthiti kuwerengeka. Ndinamupatsa mbale yodzaza, anasanza n'kutsegula m'mimba. Ndalakwitsa chiyani?*
Mayi a ku Chilomoni, Blantyre

Mtima wanu ndi wabwino, mayi, koma mbaleyo inakula. Thupi lomwe lakhala nthawi yaitali ndi njala limasiya kugaya bwino, ndipo likalandira chakudya chambiri mwadzidzidzi, makamaka chokhutitsa ngati nsima, mchere wina wofunika m'magazi monga phosphorus ndi potassium umatsika msanga. Galu amatha kufooka, kukomoka, ngakhale kufa m'masiku ochepa oyambirira, pamene inu mukuganiza kuti wapulumuka.

Funsani a vetenale muyezo wa chakudya chomuyenera pa tsiku molingana ndi kulemera kwake. Tsiku loyamba mpatseni gawo limodzi la magawo atatu a muyezowo, ndipo mugawe kanayi kapena kasanu ndi kamodzi. Muzionjezera pang'onopang'ono, afike pa muyezo wonse sabata ikamatha. Adzakuyang'anani ndi maso opempha, koma limbani mtima.

Nsima yokha siimanga thupi la galu. Ngati chakudya cha agalu cha m'sitolo palibe, phikani phala la mgaiwa muikemo usipa kapena bonya wosinja, dzira lowiritsa, kapena nyama yophika yopanda mafupa. Nsomba youma muitsuke kaye kuti mchere uchepe. Zotsala za patebulo zokhala ndi anyezi musamupatse, chifukwa anyezi amaononga magazi a galu. Mafupa ophika a nkhuku amasweka mosongoka n'kubaya matumbo, ndipo mkaka wa ng'ombe umatsegula m'mimba agalu ambiri. Muzimuyeza kamodzi pa sabata: kwerani pasikelo mutamunyamula, kenako nokha, muchotsere. Akamadya koma osanenepa, ganizirani njoka za m'mimba kapena matenda a nkhupakupa. Tukulani mlomo wake muone nkhama. Zikakhala zotuwa kapena zachikasu m'malo mofiirira, mupite naye kwa dokotala tsiku lomwelo.

*Ndikusunga tiagalu titatu ta masabata asanu ndi limodzi. Ndi mankhwala ati ofunika, ndipo ndingatiteteze bwanji ku parvo?*
Wophunzira wa ku Zomba

Mankhwala a njoka za m'mimba tizimwa masabata awiri alionse mpaka titakwana masabata 12, kenako mwezi uliwonse mpaka miyezi isanu ndi umodzi. Muyezo umatsata kulemera, musamangoyerekeza ndi maso. Katemera woyamba wa parvo ndi distemper (matenda ena opatsirana a agalu, ogwira chifuwa, m'mimba ndi ubongo) amabaya pakati pa masabata 6 ndi 8, n'kumabwereza pakatha masabata atatu kapena anayi mpaka tikwane masabata 16. Wa chiwewe amabaya pa miyezi itatu, ngakhale kuti pa kampeni amabaya ndi tating'ono tomwe. Tiagaluto tisanamalize katemera yense tisapondeko kumsewu.

Kagalu kakasiya kudya, n'kumasanza ndi kutsegula m'mimba zamagazi zonunkha kwambiri, musadikire kuche, atha kukhala parvo. Chimapha ndi kutha kwa madzi m'thupi, ndipo kamafunika dripi. Kachilombo ka parvo kamakhala m'dothi miyezi yambiri ndipo sopo wamba sakapha. Chotsani kaye chimbudzi chonse, tsukani, kenako thirani Jik wosungunula, kapu imodzi pa makapu 30 a madzi, akhale mphindi 10 musanatsukuluze. Pabwalo la dothi pomwe padwalira kagalu musalandirirepo tina tosabayidwa kwa chaka.

M'nyengo ya mvula muzionanso mphutsi za m'khungu. Ntchentche yake imaikira mazira pa dothi kapena chiguduli chonyowa ndi mkodzo. Mukaona chotupa chokhala ndi kabowo pakati, pakanipo Vaseline, dikirani pang'ono, finyani mofatsa mphutsiyo ituluke yathunthu.

*Galu ali ndi mphere. Anzanga akuti ndimupake oyilo wakutha wa galimoto.*
Bambo a ku Mzuzu

Musatero. Oyiloyo amaotcha khungu ndipo galu akamadzinyambita amamwa poizoni. Mphere za agalu zili mitundu iwiri ikuluikulu, ina imapatsirana ngakhale kwa anthu, ndiye dokotala apale khungu aone kaye. Dibi wa ng'ombe, Panado ndi Brufen musazipereke mwa nokha. Zapha agalu ambiri omwe eni ake ankafuna kuwathandiza.

*Galu yemwe ndikusunga waluma mwana wanga padzanja. Bala ndi laling'ono. Ndimuphe galuyo?*
Mayi a ku Ndirande, Blantyre

Yambani ndi mwana, mayi. Tsukani balalo ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15 zathunthu, ndipo mupite naye kuchipatala lero lomwe, ngakhale bala likhale ngati kukanda chabe. Chiwewe chikangoonetsa zizindikiro sichichizika, pamene katemera woyambidwa msanga amateteza. Tengani khadi la galu, ndipo dziwitsani bungwe ndi ofesi ya vetenale.

Galuyo musamuphe kapena kumutaya. Atsekeredwe pomwe sangafikire munthu, aonedwe masiku 10. Akakhala wathanzi mpaka tsiku la khumi, ndiye kuti pomwe ankaluma malovu ake analibe chiwewe. Koma masiku amenewa si odikirira kuti mwana ayambe katemera. Za kupitiriza kapena kusiya anene ndi achipatala. Dziwaninso kuti galu wobayidwa sabata yatha atha kukhala kuti anatenga kale matendawa ali kumsewu. Ku Blantyre bungwe la Mission Rabies lakhala likubaya agalu kuyambira 2015, koma galu wotoledwa mbiri yake siidziwika.

Fufuzaninso chomwe chinachitika. Kawirikawiri mwana amakhala atayandikira mbale, kapena wadzutsa galu ali mtulo. Zimenezi muuze bungwe mosabisa, kuti lisadzamupereke ku banja la ana aang'ono lisanamuyese bwino.