Mavolontiya akuthawa? Musafulumire kuyamba alawansi

Mayi, funso lanu ndaliwerenga. Mwati CBO yanu (bungwe la anthu a m'mudzi lothandiza m'dera lanu) ili ndi sukulu ya mmera mpoyamba komanso mumayendera odwala m'makomo. Munayamba ndi anthu ambiri odzipereka, pano atsala owerengeka, ena anasamukira ku bungwe lina lomwe limapereka alawansi, ndiye mukufunsa ngati nanunso muyambe kumawapatsa kangachepe pamwezi.

Ine ndikuti musayambe, pokhapokha ngati mukudziwa kumene ndalamayo idzachokere chaka chamawa ndi chinacho. Mwezi umene idzasowe, palibe adzanene kuti thumba lauma. Adzati mayi aja adya ndalama zathu, ndipo nkhaniyo idzafika kwa amfumu inu musanafikeko.

Koma kusapereka alawansi sikutanthauza kuti munthu aziwononga zake pa ntchito ya bungwe. Apa ndi pamene ma CBO ambiri amaphonya. Mayi wakwera kabaza kupita ku msonkhano kwa a T/A, wagula mayunitsi oimbira mlangizi wa zaumoyo, wachapa zofunda za wodwala ndi sopo wa m'nyumba mwake, ndiye ife n'kumati ndi wodzipereka. Kunyumba bambo akafunsa kuti ndalama ya ndiwo yapita kuti, sabata yotsatira mayiyo simumuonanso. Mubwezereni ya kabaza tsiku lomwelo, ngakhale pa Airtel Money kapena Mpamba. Sopo ndi magolovesi azichokera ku bungwe. Zonse muzilemba m'kope lomwe volontiya aliyense ali ndi ufulu wolitsegula. Ngati ndalama yobwezera mulibe, chepetsani maulendo.

Kukayika kwa anthu pa ntchito yaulere kuli ndi kochokera, musakutenge ngati ulesi. Makolo athu analima thangata m'maesiteti a atsamunda, ndipo nkhanza zimenezo ndi zina mwa zomwe zinautsa John Chilembwe mu 1915. Nthawi ya Kamuzu kunali Youth Week, anthu akuumba njerwa ndi kulambula misewu, wofuna ndi wosafuna yemwe. Zipani zitachuluka mu 1994 anthu anati thangata yatha, kenaka thumba la chitukuko la MASAF linabwera ndi ntchito zachitukuko zolandirapo ndalama. Onjezerani mabungwe omwe anazoloweretsa anthu kusainira envulopu pa msonkhano uliwonse. Munthu akakufunsani kuti "muli kanthu?" akufuna adziwe ngati pali wina amene akudyerapo pa thukuta lake. Muyankheni mosabisa: bungwe lili ndi zakuti, zimachokera kwakuti, wolandira malipiro ndi uje kapena palibe.

Komatu anthu omwewo amagwira ntchito yaulere tsiku ndi tsiku. Taonani adzukulu. Amalawirira kumanda ndi makasu, nthaka youma ya mu Okutobala, opanda wowalipira, ndipo simudzamva kuti maliro agona chifukwa adzukulu apita ku bungwe lina. Ntchito yawo njodziwika, ili ndi poyambira ndi pothera, nsima amadya, mudzi wonse umaona, ndipo aliyense akudziwa kuti tsiku lina adzakumbiridwa wake. Tsono yang'anani ntchito imene mwapatsa alezi anu. Imatha liti? Ngati mayi mmodzi akukhala ndi ana Lolemba mpaka Lachisanu, m'mawa wonse, chaka chathunthu, ameneyo ndi wantchito amene simukumulipira, ndipo kuchoka kwake n'koyenera.

Ndiye chepetsani katundu wa munthu mmodzi. A Mary's Meals anayamba kuno mu 2002 ndi ana 200 okha, ndipo mpaka lero phala m'masukulu limaphikidwa ndi makolo ndi anthu a m'midzi yozungulira, mosinthana. Kusinthanako ndiye msana wake. Ma care group, magulu a amayi odzipereka omwe tsopano ali ponseponse pa nkhani za kadyedwe koyenera, anayambitsidwa ndi a World Relief ku Gaza, m'dziko la Mozambique, mu 1995, ndipo nzeru yake inali yomweyi: mayi mmodzi aziyendera makomo 10 mpaka 15 oyandikana naye, oti amafikako wapansi, mwina pochokera ku mjigo. Inunso gawani alezi awiriawiri, aliyense masiku awiri pa sabata. Woyendera odwala asadutse mudzi wake. Muzimuuza munthu poyamba pomwe kuti tikukupemphani miyezi isanu ndi umodzi, ikatha tidzakhala pansi. Anthu amavomera msanga ntchito yoti akudziwa potulukira, ndipo ambiri amawonjezera okha.

Kalendala yanu itsate munda. Mvula ikagwa mu Novembala kapena Disembala aliyense ali kodzala, Januwale ndi Febuluwale ndi kupalira, kubandira ndi kusaka ganyu chifukwa nkhokwe zapepuka. Kuitanitsa maphunziro a masiku atatu nthawi imeneyo n'kudziputira mkwiyo. Zolemera zonse, kaya kuumba njerwa, kaya maphunziro, ziikeni anthu akakolola. Misonkhano isagundane ndi tsiku la msika, ndipo ikhale yaifupi. Mukati 2 koloko, muyambe 2 koloko ngakhale abwera anayi.

Pali china chomwe chimapha magulu mwakachetechete: maphunziro a ku boma kapena kunyanja. Kalata ikabwera yoti tumizani anthu awiri ku Salima kapena ku Mangochi, kumapita wapampando ndi mlembi, ulendo uliwonse omwewo, n'kubwerako ndi tisheti, chikwama ndi envulopu. Amene amakolezera moto wa phala m'bandakucha amangomva. Sadzakuuzani kuti zawawawa, adzangoti mwana akudwala, kenaka zii. Lembani mndandanda, aliyense adziwe kuti ulendo wotsatira ndi wake, ndipo wobwerako aziphunzitsa anzake zomwe wamva. Chimodzimodzi njinga ndi zitenje zikabwera: gawani pagulu, amfumu ali pompo.

Posankha anthu atsopano musangolengeza kuti ofuna abwere, chifukwa oyamba kufika amakhala omwe amva mphekesera ya ndalama. Pitani kwa amfumu ndi a VDC (komiti ya chitukuko ya m'mudzi), mudzi usankhe wokha pa bwalo. Pitaninso kwa amayi a Mvano, a Dorika, ku miphakati ndi ku mzikiti. Kumeneko kuli anthu omwe akhala akuyendera odwala kuyambira kale, CBO yanu isanabadwe. Achinyamata omaliza Fomu 4 atengeni, amathandiza kwambiri pa zolembalemba, koma dziwani kuti ndi apaulendo. Chimene akufuna kwa inu ndi satifiketi ndi kalata yowachitira umboni pofunsira ntchito. Apatseni ndi mtima woyera. Ena mwa iwo adzakhala aphunzitsi ndi alangizi m'dera lomwelo ndipo mudzawafuna.

Ngati gulu lilibe banki m'khonde, yambitsani. Anthu amabwera ku msonkhano chifukwa cha masheya awo, nkhani za bungwe n'kukambidwa pomwepo. Ena amalima dimba la gulu, gawo lina la phala la ana, lina n'kugawana.

Poti mukugwira ntchito ndi ana, ichi musachinyalanyaze ngakhale anthu akuchepa: munthu wamkulu asamatsale yekha ndi mwana m'chipinda, zithunzi za ana ndi odwala zisamaponyedwe pa Facebook popanda chilolezo, ndipo mlezi aliyense adziwe nambala yaulere ya 116 komanso ofesi ya Social Welfare ya boma lanu. Wina akamveka mbiri yoipa, ayambe waima kaye, ngakhale akhale m'bale wa amfumu.

Za omwe anapita ku bungwe linalo, musawasungire chakukhosi, nawonso ali ndi ana ofuna sopo ndi fizi. Mapulojekiti amakhala ndi tsiku lotsekera, ndipo ambiri adzabwerera. Pakadali pano kaonaneni ndi woyang'anira bungwelo, kapena kaitulutseni nkhaniyi pa msonkhano wa ADC (komiti ya chitukuko ya dera la a T/A), mugwirizane masiku kuti munthu athe kutumikira uku ndi uku. Ndipo sabata ino yenderani atatu mwa omwe anasiya, kunyumba kwawo, nokha popanda komiti, mukawafunse chomwe chinawatopetsa.