Anapirira bwanji nkhanza za m'banja atapulumuka kwa Hitler?

Achemwali, mwafunsa kuti zinkatheka bwanji mayi wachiyuda woti wapulumuka m'misasa ya Hitler n'kumapiriranso zibakera za mwamuna m'nyumba mwake. Tiyambire pa mmene maukwatiwo ankamangidwira.

Asilikali a Britain atalowa mumsasa wa Hitler wa Bergen-Belsen, ku Germany, pa 15 April 1945, anapeza atsikana ali mafupa okhaokha, ambiri opanda mayi, bambo, ngakhale mlongo. Kwawo kunalibe kobwerera. Nyumba zawo zinali zitalowedwa ndi ena, ndipo ku Kielce, ku Poland, Ayuda 42 anaphedwa mu July 1946, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha kale. Motero Ayuda pafupifupi 250,000 anakhala m'misasa ya anthu osowa kwawo ku Germany, Austria ndi Italy. Kumeneko maukwati anachita kuwirikiza: ku Belsen kokha anaposa 1,000 m'chaka cha 1946. Diresi limodzi losokedwa ndi nsalu ya parachuti linkangobwerekanidwa, uyu akavula wina n'kuvala. Nthawi yotomerana panalibe. Mwamuna akangoti ndi wa tawuni yakwanu, ankawadziwa bambo ako, basi zatheka. Atsikana ambiri anali atasiya kusamba chifukwa cha njala ndi mantha, ndiye ankafunitsitsa kuona ngati angabereke.

Musandimve molakwa, mabanja ambiri otere anakhalitsa mwachikondi mpaka imvi. Koma ena anali moto. Amuna ena anali ataphedwera mkazi woyamba ndi ana, usiku n'kumadzidzimuka akukuwa, ndipo ukali wonsewo unkathera pa yemwe ali naye pafupi. Sindikuwaikira kumbuyo ayi, kumenya ndi kumenya basi.

Nanga mayiyo akanathawira kuti? Kuno banja likavuta umathamangira kwa ankhoswe, kapena umamanga kamtolo kako ulendo kwa amalume. Iyeyo amalume ake, azakhali ake, mtundu wonse unathera m'misasa yopherako anthu ya Auschwitz kapena Treblinka. Mwamuna womumenyayo ndiye yekhayo amene ankadziwa dzina la mudzi wake ndi zimene anaona. Kumusiya kunali ngati kuferedwa kachiwiri. Onjezanipo ana obadwira mumsasa, dziko lachilendo monga America kapena Israel, chinenero chosachidziwa, m'thumba mulibe kalikonse. Ndiponso pa malamulo achipembedzo chawo, ukwati sutha mwamuna asanapereke kalata yachisudzulo yotchedwa get. Akakana, mkazi sangakwatiwenso.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi kukhala chete kwawo. Ena ankafunsidwa monyodola kuti, iwe unapulumuka bwanji anzako akufa, ngati kuti anagulitsa thupi. Munthu wonyozedwa chotero angayambe bwanji kuulula za kuchipinda? Ku Israel nyumba yoyamba yothawirako amayi omenyedwa inatsegulidwa ku Haifa mu 1977, ndipo lamulo loletsa nkhanza za m'banja linabwera mu 1991. Mtsikana amene anakwatiwa ku Belsen ali ndi zaka 20, pamenepo n'kuti ali gogo wa zaka 65.