Nkhuyu mumagula za pa sikelo, bwanji mukuthira ndi maso?

Funso: Ndimaphika makeke ogulitsa kuno ku Chilomoni. Kasitomala wina akufuna keke ya nkhuyu zouma, ndipo kaphikidwe kake kakuti magalamu 300 a nkhuyu zoduladula. Sikelo ndilibe, ndimayeza ndi kapu. Ndithire makapu angati? Komanso maoda ndimapeza ndithu, koma ndalama sindikuziona.

Yankho: Mayi, makapu awiri. Mu kapu yoyezera ya mamililita 240 mumalowa nkhuyu zouma zoduladula pafupifupi magalamu 150, mukangothira osatsindira. Za makapu zathera pamenepo. Nkhani yaikulu ndi iyo mwaibisa kumapeto kwa kalata yanuyo.

Kapu mukunenayo ndi iti? Ndikuidziwa, ndi yomwera tiyi ija, yaikulu, mwina ya mamililita 300. Nkhuyu zouma zimamata, ndiye pothira mumakanikiza ndi chala kuti zilowe, kenako n'kuunjika kaphiri pamwamba kuti kasitomala akakuyamikireni. Kapu yotere imameza magalamu 200. Makapu awiri ndi 400, pomwe pakufunika 300.

Tsono tiwerengere. Izi si nkhuyu za mumkuyu wa kumudzi zomwe ana amatola pansi. Ndi zakunja, dziko lomwe limagulitsa nkhuyu zouma zochuluka ndi Turkey, ndipo amene amazibweretsa kuno amalipira ndi madola. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu aliyense wakunja akuluma. Tiyerekeze kuti paketi ya magalamu 250 mwagula K10,000 ku Limbe. Galamu imodzi ndi K40. Magalamu 100 opitirira aja ndi K4,000 pa keke imodzi, yomwe mwangopereka ulere. Makeke khumi, K40,000. Ndalama mukuisowayo ndi imeneyo, ndipo sitinakhudze fulawa, shuga ndi majarini, zomwenso mumathira mongoyerekeza. Fulawa wodzaza kapu yoyezera ndi magalamu 120 kapena kupitirira pang'ono, shuga ndi 200, kapu yake yomweyomweyo.

Gulani kasikelo ka mabatire sabata ino. Musapite kwa akatapila chifukwa cha sikelo, chonde. Uzani kasitomalayo apereke theka la ndalama musanayambe kuphika, mugulire pomwepo.

Koma sikelo yokha sikupulumutsani ngati mulibe kope. Apa ndiye pamandipweteka, chifukwa amayi olimbikira ngati inu amadzuka 4 koloko m'mawa, kuphika zokoma, koma mukawafunsa kuti keke imodzi yawadyera zingati amangoti "kaya, zimatheka". Tsamba limodzi, keke imodzi. Lembani magalamu a chilichonse ndi mtengo wake, mazira, makala kapena mayunitsi a magetsi, katoni yoikamo, minibasi yopita ku Limbe ndi kubwerako, ngakhale kabaza wokasiya kekeyo. Ndipo keke ija anatenga alamu anu pa tsiku lobadwa la mwana wawo, n'kumati alipira mwezi ukatha, ilowenso m'kope ndi dzina lawo komanso tsiku. Mpamba wanu suzindikira chibale, mayi.

Mtengo wa keke ya nkhuyuyi musautchule musanakaone kuti paketi ili pa zingati lero. Ngati mwautchula kale mongoganizira, muimbireni kasitomalayo madzulo ano mukambiranenso musanayatse uvuni.