Za ulendo wa Kamuzu ku South Africa mu 1971

Achimwene mwafunsa kuti maulendo a atsogoleriwa amabweretsa chani kupatula kuguba kwa asilikali ndi kujambulitsa, ine ndingokupatsani nkhani ya Kamuzu basi. Ubale wathu ndi South Africa unayamba mu 1967, John Vorster, nduna yaikulu ya dzikolo, anabwera kuno mu 1970, kenako mu Ogasiti 1971 Kamuzu naye anapita, mtsogoleri wa dziko wachikuda woyamba kulandiridwa ndi ulemu onse wa boma nthawi ya tsankho ija. Anakalankhula ku yunivesite ya Stellenbosch, anakaonanso anthu athu omwe ankagwira ntchito mmigodi ya ku Joni, amene anapita pa Wenela aja.

Phindu lake mukuliona mpaka lero, mukakwera ku Capital Hill kuja dziwani kuti ngongole yoyambira kumanga Lilongwe inachokera ku boma la South Africa, Britain itakana, ndipo likulu linachoka ku Zomba mu 1975. Njanji yolumikiza ku Nacala nayonso ndalama zake zinali za ku South Africa konko.

Koma zinali ndi mtengo wake, ndipo ine zimandiwawabe. A Nyerere ndi a Kaunda ankasunga omenyera ufulu pomwe ife tinkadya pa tebulo limodzi ndi owazunza, Mandela ali mndende ku Robben Island, anzathu ambiri mu OAU, bungwe la mayiko a mu Africa la nthawi imeneyo, anatitenga ngati ogulitsa abale. Ndiye mukaona pulezidenti akutsika ndege osangoyang'ana kapeti yofiira ayi, funsani kuti asainirana chani, ngongole yanji, adzabweza ndani. Agogo anga anabwera ndi njinga ndi wailesi ku Joni, koma za kumgodi sankafuna nkuzikamba komwe.