Funsani Akatswiri: Chizungulire m'masewera a VR

Funso: Ndikukonza sewero la VR (loonera pa chipangizo chovala kumaso, munthu n'kumaona ngati ali m'kati mwa seweromo) pa pulogalamu yopangira masewera ya Unity loti munthu aziyendayenda m'mudzi wamakedzana. Koma aliyense akavala chipangizo cha Meta Quest 2 sapirira mphindi zisanu, amayamba chizungulire ndi nseru. Ndikulakwitsa pati? — Wophunzira, Zomba

Yankho: Gwero la vutoli lili m'khutu. M'kati mwa khutu muli tiziwalo timene timauza ubongo ngati thupi likuyenda kapena laima. Maso akamaona kuti munthu akuthamanga pamene khutu likuti waima chilili, ubongo umasokonezeka, nseru n'kuyamba.

Ndiye kamera ya m'sewero, imene ili ngati maso a wosewerayo, musamuyendetsere. Mutu wake wokha ndiwo uzitembenuza zimene akuona. Kamera yonjanjanja potsanzira mapazi imakoma pa kompyuta, koma mu VR imadwalitsa, ichotseni. Poyenda gwiritsani ntchito teleport: munthu aloze pansi ndi kontirola, chithunzi chithime kamphindi, atulukire pamalopo. Potembenuka, azidumpha madigiri 30 kapena 45 nthawi imodzi, osati kuzungulira pang'onopang'ono. Ngati simungachitire mwina koma kumuyendetsa, liwiro likhale limodzimodzi, chifukwa kuwonjezereka kwa liwiro ndiko kumavutitsa kwambiri, ndipo muzidetsa m'mphepete mwa chithunzi pamene akuyenda.

Onaninso kuchuluka kwa zithunzi pa sekondi. Quest 2 imafuna zosachepera 72, ndipo 90 ndiye bwino. Pa 90, makina ali ndi mamilisekondi 11 okha (sekondi imodzi ili ndi mamilisekondi 1,000) ojambulira chithunzi chimodzi, cha maso onse awiri. Akachedwa, munthu atembenuza mutu koma mudzi utsalira m'mbuyo. Tsegulani Profiler, chida cha Unity choyezera ntchito imene makina akugwira, muone chikulemetsa n'chiyani. Kawirikawiri ndi mithunzi ndi nyale zowerengetsedwa sewero lili m'kati. Zikonzerenitu ndi baked lighting, njira yowerengetseratu kuwala ndi mithunzi sewero lisanayambe. Udzu wa padenga musaumange kamtengo kamodzikamodzi, ujambuleni pa texture, chithunzi chokutira pamwamba pa chinthu.

Musaiwale magalasi a m'kati mwa Quest 2. Amasunthika pa 58, 63 ndi 68 mm kuti agwirizane ndi mpata wa pakati pa maso a wovalayo.

Funso: Nyumba zanga zikuoneka ngati tizidole, ndipo malemba sakuwerengeka. — Wowerenga, Lilongwe

Yankho: Mu Unity, yuniti imodzi ndi mita imodzi. Chitseko chikhale cha pafupifupi mayuniti 2, ndipo zina zonse muziyezere pamenepo, mutavala chipangizocho, osati mukuyang'ana pa kompyuta. Malemba ayikeni patali mita imodzi kapena awiri, pachikwangwani kapena pakhoma. Mukawamatiza kumaso kuti azitsatira mutu, maso amatopa msanga.