Laisensi yoimitsidwa ku California: yambani ndi SR-22

Achimwene, mwafunsa zoti muchite popeza laisensi yanu yoyendetsera galimoto inaimitsidwa ku California, m'dziko la America, pa mlandu woyendetsa mutaledzera. Laisensiyo sadzakubwezerani mpaka kampani ya inshuwalansi itatumiza SR-22 ku DMV, ofesi ya boma yoona za galimoto ndi malaisensi. SR-22 si inshuwalansi ina yapadera ayi, ndi chikalata chotsimikizira boma kuti muli ndi inshuwalansi yokwanira mlingo umene lamulo limafuna. Imatumiza ndi kampaniyo, osati inuyo, ndiye aimbireni lero lomwe. Akakana, poti makampani ena safuna dalaivala amene anagwidwapo akuyendetsa ataledzera, funani ina. Kutumiza chikalatacho nthawi zambiri ndi cha m'ma $25 basi. Chimene chikupwetekeni ndi mtengo wa inshuwalansiyo, chifukwa umakwera kwambiri.

Ku California chikalatachi chimafunika kwa zaka 3, ndipo apa m'pamene ambiri amagwera. Mukadumpha kulipira inshuwalansi n'kuduka, kampani imadziwitsa DMV, laisensi n'kuimitsidwanso. Konzani zoti ndalama zizichoka zokha ku banki mwezi ndi mwezi. Mukafuna kusintha kampani, musathetse yakaleyo yatsopano isanatumize chikalata chake, ngakhale kwa tsiku limodzi.

Ngati galimoto munagulitsa, pemphani inshuwalansi ya munthu wopanda galimoto, imene amati non-owner policy. Iyonso imatheka ndi SR-22.

Popeza mlandu wanu ndi wa mowa, kaonaneni ndi loya, chifukwa DMV idzafunanso kuti mulowe maphunziro a DUI (a anthu ogwidwa akuyendetsa ataledzera) ndi kulipira ndalama yobwezeretsera laisensi. Ngati muli pa viza, funsaninso loya wa zolowa ndi kutuluka m'dziko musanavomere mlandu ku khoti.